Dzina Linapita ku Sekondale

"Ndikufunsa komaliza. Kalata ya ubatizo ija waibisa kuti?"

A Dominiko Semba anaima pakhomo la chipinda cha ana awo aakazi, nyundo yokhomera zidebe ikadali m'manja. Mkatimo munali ngati mwadutsa akuba. Matiresi anali atatembenuzidwa, zovala zili mbwee pansi, ngakhale chithunzi cha Amayi Maria chinali chitatsitsidwa pakhoma kuti aone kumbuyo kwake. Brenda, wamng'ono mwa ana awo awiriwo, anakhala pakona atakumbatira maondo.

"Ndi yanga, ababa. Amene anathiridwa madzi ndine."

"Unadzinyamula wekha kupita kwa ansembe? Bweretsa kuno ndisanachite zinthu zoti mawa ndikalape!"

"Bambo a Lusiya, chonde, anthu akumva," anadandaula a Clara, mayi wa anawo.

"Mwati bambo a ndani?" Bamboyo anatembenuka, mawu atatsika koma maso ali psu. "Zaka zinayi ndakhala ndikukuuzani kuti dzina limenelo muno mulibe. Khoma ili ndi la njerwa imodzi, aneba amatimva ngakhale tikayetsemula. Mukufuna mutiphere mwana ndi pakamwa panupo?"

Lusiya, mwini dzina loletsedwalo, anaima kumbuyo kwa mayi ake atakumbatira envelopu yaikulu pachifuwa. M'menemo munali kalata imene anali ataiwerenga mpaka kuiloweza ngati pemphero. Sukulu ina yogonera komweko ya ku Australia inali itamupatsa malo a zaka ziwiri kudzera ku bungwe lina lothandiza atsikana. Mwa ana mazana amene analemba mayeso a bungwelo, anasankhidwa awiri okha. Koma kalatayo sinkanena za Lusiya. Inkati Brenda Semba, wobadwa chaka cha 2000, ndipo pansi pake panali lamulo lolembedwa ndi zilembo zakuda bii: wophunzira akhale asanakwanitse zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu pa tsiku lotsegulira sukulu mu Januwale. Lusiya anali ndi zaka makumi awiri.

Nkhani yake inali yosavuta, ndipo si banja la a Semba lokha limene linayendapo njira imeneyi. Ali ku Bangwe, Lusiya analemba Sitandade 8 kawiri, n'kukhoza kawiri konse, koma pa mndandanda wa osankhidwa dzina lake silinatuluke. Mphunzitsi wina anawatsina khutu a Dominiko kuti wobwereza, makamaka wamkulu msinkhu, samuyang'ana kawiri; mankhwala ake ndi kusintha dzina ndi sukulu. Ena ankangotola dzina lililonse pamsewu. A Dominiko, munthu wosamala mpaka kunyanya, anati dzina lopanda pepala ndi loopsa, choncho anatenga lomwe linali ndi pepala kale, la mwana wamng'ono. Banja linasamukira ku Ndirande kumene kunalibe owadziwa. Lusiya analemba kachitatu ngati Brenda, nasankhidwa. Brenda weniweni, yemwe anali Sitandade 5, anauzidwa kuti apume kaye chaka chimodzi, ndipo chaka chimodzicho chinabala zina zitatu.

Tsopano pasipoti inkafuna lisiti la chiphaso cha unzika, ndipo olemba kalembera, ndi makina awo ojambula zala, anali kubwera pa sukulu ya pulayimale ya m'dera lawo pakatha milungu itatu. Aliyense ankalembedwa kamodzi, zala zake n'kumangidwa ku dzina lake mpaka imfa. Ganizo la a Dominiko linali loti ana awo asinthane makalata a ubatizo, wamkulu akalembetse ngati Brenda, wamng'ono ngati Lusiya, nkhani n'kutha.

"Dzina langa munalibwereka," anatero Brenda. "Munati chaka chimodzi. Linapita ku sekondale, ine ndinatsala pa siteji ndi beseni. Kumsika anthu amandiitana kuti Azitumbuwa chifukwa munandiletsa kutchula dzina langa. Ndiye lero mukuti likwerenso ndege?"

"Nkhabe! Ayi! Mwana samandiyankha choncho ine!" Akapsa mtima a Dominiko, Chisena cha kwawo ku Nsanje chinkatuluka chokha. "Lisanafike tsiku la kalembera, kalata imeneyo ikhale patebulo apa. Ndalonga, ndamala, ndanena basi."

Anatuluka, ndipo posakhalitsa kuseri kwa nyumba kunayamba kumveka nyundo ikudya lata mwaukali. Kunena zoona, mumtima mwake Lusiya anali mbali ya bambo ake, ndipo mng'ono wake atatuluka kukatunga madzi, iye anagwada n'kuyamba kufufuza m'nsapato zakale ndi m'mphepete mwa denga. Anachita manyazi, koma sanasiye.

Lolemba anapita ku ofesi ya bungwe lija m'tauni. Mayi wa pa desiki, wa magalasi okhala pamphuno, anamupatsa pepala.

"Fizi, chakudya, malo ogona ndi mabuku, zimenezo ndi za sukulu. Koma pasipoti, viza, kupimidwa chifuwa kuchipatala ndi tikiti ya ndege, zimenezo ndi za banja. Tinakuuzani kale poyamba paja."

"Tikiti nayonso, madamu?"

"Makamaka tikitiyo. Ndipo kope la pasipoti tilione mwezi uno usanathe, apo ayi malo tipereka kwa wina. Pali mtsikana wa ku Zingwangwa akudikira, amayi ake amaimba foni tsiku lililonse." Anayang'ana pa fomu n'kumwetulira. "Komatu iwe uli ndi mwayi, Brenda. Ukanabadwa miyezi iwiri m'mbuyo, bwenzi zaka zitakutaya."

Lusiya anamwetulira nawo. Anayenda wapansi kubwerera ku Ndirande kuti asunge ya minibasi. Ankadziwa kuti bambo ake anali atagulitsa kale dimba la kumudzi, malo okhawo amene madzi osefukira anawasiyira, ndipo zomwe anapeza zinkangokwanira pasipoti, viza ndi chipatala. Za tikiti panalibe ndi poyambira pomwe. Sabata yonseyo anazungulira m'makampani ndi kalata yopempha thandizo. Kwina ankamuuza kuti abwana ali pa mitingi, kwina mlonda ankalandira kalatayo n'kuiika pansi pa kapu ya tiyi. Pofika Lachisanu nsapato yake inali itayasama kutsogolo, ndipo analibe lonjezo ngakhale la bodza.

Koma Lamlungu, Misa itatha, a Dominiko anabwera kunyumba akuimba mluzu, nkhuku ili m'khwapa, kumbuyo kwawo kukubwera mlendo. Anali a Ambrosi, munthu wa kwawo komweko, mwini maminibasi atatu oyenda msewu wa ku Kameza. Anali bambo wa imvi za m'mbali, mimba yotsogola, makiyi akuzungulira pa chala. Akazi awo anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo mwana wawo woyamba anali wamkulu kuposa Lusiya. Anawakhazika pa mpando wokhawo wosagwedera.

"Mwanangu," anatero a Dominiko kwa Lusiya, nkhope ikuwala, "gwada uwathokoze bambo awa. Tikiti yapezeka."

Lusiya anagwada, misozi ili chuchuchu. Anathokoza m'Chichewa, nathokozanso m'Chingerezi, mpaka a Ambrosi anaseka n'kumuuza kuti adzuke.

"Ife a ku Chigwa tikapanda kugwirana manja, atigwire ndani? Pita ukaphunzire, mwana." Ankalankhula ndi Lusiya, koma maso awo anali pa Brenda yemwe anagwada pambali ndi beseni la madzi osamba m'manja. "Uyu ndiye wolimbikira uja? Ndimamuona pa siteji. Manja ake ndi odziwa ntchito."

Brenda anathira madziwo osadzutsa mutu. A Clara anatuluka msanga, akuti kukaona nkhuku pamoto, ndipo sanabwererenso mpaka mlendo atapita. Zonsezi Lusiya anaziona, koma munthu wosangalala saona bwino, ndipo tsiku limenelo maganizo ake anali kale m'ndege.

Chotsala chinali kalata ija basi. Lachitatu masana anapita ku siteji kumene mng'ono wake ankagulitsa. Dzuwa linali likuswa mtengo, oitanira akukuwa, fumbi likulowa m'maso. Anakhala pa mwala pambali pa beseni.

"Tamvera, mng'ono wanga. Ndikudziwa kuti takulakwira, ine ndi ababa. Sindikukana. Koma taganiza, zaka ziwiri zokha. Akuti kumeneko amapereka kandalama ka sopo, ine sindidzagula kalikonse, ndizidzakutumizira. Ubwerera kusukulu. Ndikulumbira pamaso pa Mulungu."

"Ndibwerere ndi dzina liti, asisi? Lusiya wa zaka twente, mu Sitandade 5, pakati pa tiana tosapukuta mamina?"

"Pali masukulu a madzulo. Tipeza njira. Koma ukakana, tonse tafera pompano. Ine mapointi naini a Fomu 4 aja ndidzakazingira zitumbuwa pambali pako. Ndi zimene ukufuna?"

Brenda anakulunga zitumbuwa ziwiri m'nyuzipepala, kupatsa kondakitala wina, kulandira ndalama, kenako n'kumuyang'ana mkulu wake kwa nthawi yaitali.

"Inu asisi, sukulu yonse mwaphunzirayi, simunaone? Mukuganiza kuti a Ambrosi akugulirani tikiti chifukwa amakonda maphunziro? Ana awo omwe analekeza Fomu 2."

"Ukutanthauza chiyani?"

"Tikiti yanuyo ndi malowolo anga." Ananena mosakweza mawu, ngati akutchula mtengo wa ufa. "Anayamba kalekale kuima pano, kugula beseni lonse, kundifunsa ngati ndimadziwa kusita malaya. Atapita kwa ababa, anawauza kuti masiku ano lamulo lavuta, ukatenga mwana wosakwana eyitini apolisi amakunjata. Ababa anati musadandaule, mwanayu ndi wa twente, chiphaso chikubwera. A Ambrosiwo akuti akangoona lisiti la kalembera lolembedwa twente, tikiti agula tsiku lomwelo, ine n'kupita kunyumba kwawo ku Kameza. Ndinamva ndekha, ndinali kuseri ndikutsuka chiwaya cha mafuta."

Phokoso lonse la pa siteji linamveka ngati likuchokera kutali.

"Ukunama," anatero Lusiya, koma mawu ake analibe mphamvu.

"Kafunseni amayi chifukwa chake anandigulira zitenje ziwiri zatsopano. Chibadwire anayamba andigulirapo ziwiri nthawi imodzi?"

Kenako Brenda anapisa dzanja m'bulauzi n'kutulutsa kapepala ka pulasitiki kopindidwa kanayi, konyowa ndi thukuta. Masiku onse aja ankafufuza m'denga, kalatayo inali pamtima pa mwini wake.

"Tengani. Ndatopa. Ndikakana, m'nyumba muja ndidzakhala mfiti imene inatsekera m'bale wake mwayi, ndipo inu simudzandiyang'ananso kumaso. Bola a Ambrosi. Tengani, asisi, makasitomala akudikira."

Ndipo Lusiya anailandira. Ichi ndicho chinamupweteka kwambiri pambuyo pake, kuti dzanja lake linatambasuka lokha n'kuilandira.

Anawapeza bambo ake kuseri kwa nyumba akupinda lata la mbaula, mayi ake akusankha nyemba pakhonde.

"Ababa, ndi zoona kuti mwamugulitsa mwana?"

Nyundo inaima m'malere. A Clara anagwetsa lichero, nyemba n'kumwazika.

"Kugulitsa? Malowolo ndi kugulitsa? Mayi akowa ndinawagula?" A Dominiko anaika nyundo pansi n'kupukuta manja pa ovolosi. "Khala pansi, popeza wakula. Ine ndakhoma malata zaka twente-faifi. Khutu ili linafa kalekale, ukamalankhula mbali iyi ndimangoona milomo. Kumudzi madzi anatenga nyumba, anatenga mbuzi, dimba ndagulitsa chifukwa cha iwe. Ndikagwa mawa, mudya chiyani? Mwana wamwamuna ndilibe. Ndili ndi mutu wakowo basi, ndiye munda wanga. Ukapita kunja, tonse tatuluka m'matope muno. Mng'ono wako akakhala m'nyumba ya malata abwino, ya magetsi, ya mpopi pakhomo. Pa siteji paja ukuganiza kuti atha bwanji? Mimba ya kondakitala, basi. Ine ndamupezera munthu wodziwika."

"Ali ndi zaka seventini, ababa! Munthuyo ndi msinkhu wanu!"

"Ine ndinalowa m'banja ndili ndi fifitini," anatero a Clara chapansipansi, akutola nyemba imodziimodzi. "Sindinafe." Koma misozi inali ikugwera m'lichero.

"Ndiye ine sindipita. Ndikalembetsa dzina langa."

A Dominiko anaseka kuseka kopanda chimwemwe.

"Dzina lako liti? Lusiya ali ndi chiyani? Lusiya analekeza Sitandade 8. Satifiketi ya Fomu 2, ya Fomu 4, mapointi ako naini, zonse ndi za Brenda. Ukakanena kuti ndiwe Lusiya, si Australia yokha imene wataya. Ngakhale ntchito yogulitsa m'shopu sudzaipeza. Zaka zinayi zimene mng'ono wako wapsa ndi mafuta kuti iwe ulipire fizi, udzakhala wazitaya m'ngalande. Ndiye umuuze kuti anavutikira chiyani. Pita, kamuuze!"

Lusiya anadziwa kuti mawuwo anali oona. Anali asanaganizepo mpaka pamenepo. Anakhala pa chidebe chosatha kukhoma n'kulira ngati mwana, ndipo palibe amene anamutonthoza.

M'mawa mwake anapita kwa a Bonifasi, mphunzitsi wake wa sayansi amene anamuthandiza kulemba mafomu a bungwe lija. Anawapeza akuchonga mapepala pansi pa mtengo.

"Sala, pali mnzanga wina. Analemba mayeso ndi dzina la m'bale wake kuyambira Sitandade 8. Kodi pali njira yoti satifiketi ibwerere m'dzina lake lenileni?"

A Bonifasi anavula magalasi n'kumuyang'ana mpaka iye anazolika.

"Mnzakoyo ukamuuze kuti atseke pakamwa. Kukonza chilembo cholakwika, zimenezo zimatheka. Koma kukanena kuti munthu yense ndi wina, ndi chaka chobadwa chomwe, kumeneko ndi kukadzipereka wekha. Pepalalo likhoza kufa, mwinanso ndi mlandu pamwamba. Ndaphunzitsa zaka zambiri, Brenda, ndipo theka la ana amene ndawaphunzitsa sindikudziwa ngati mayina awo anali awo. Amakhala nawo mpaka kumanda." Anabwezera magalasi. "Pasipoti ili pati? Usandichititse manyazi, sukulu yonse ikunyadira iwe."

Masiku otsalawo Lusiya anayenda ngati wodwala malungo. Anapita kwa akuluakulu a mphakati wawo kukapempha za tikiti, iwo n'kulonjeza chopereka chapadera mwezi wa mawa, chimene mwina chikanagula sutikesi. Anaganiza zopita kupolisi, koma akanakanena chiyani osadziulula yekha ndi kumangitsa bambo ake? Anaganiza zoti akangofika kunjako adzasonkhanitse ndalama abweze za a Ambrosi, mng'ono wake amasuke. Ganizo limeneli analikonda kwambiri, ankalibwereza potsuka mbale ndi potunga madzi, ngakhale ankadziwa kuti pofika nthawi imeneyo Brenda adzakhala ali ndi mwana kumsana. Ankafuna kupita. Mulungu amukhululukire, ankafuna kupita kuposa china chilichonse, ndipo kalata ya ubatizo ija inali m'envelopu mwake pamodzi ndi ya ku Australia.

Madzulo alionse, dzuwa lisanalowe, a Dominiko ankamukhazika Brenda pakhonde n'kumamuphunzitsa ngati katekisimu.

"Dzina lako ndani?"

"Lusiya Semba."

"Unabadwa liti?"

"Pa 9 Juni... 1997."

"Pa 19! Mutu wakowo uli ndi chiyani? Bwereza!"

Tsiku la kalembera linafika. Pofika sikisi koloko mzere unali utazungulira kale bwalo la sukulu, amayi ndi maambulera, agogo atakhala pa njerwa, ogulitsa mafirizi akuyenda uku ndi uku. A Dominiko anavala jekete la ku tchalitchi n'kuima kumbuyo kwa ana awo ngati mbusa. Lusiya anali patsogolo ndi kalata ya Brenda, Brenda pambuyo ndi kalata ya Lusiya, atavala chimodzi mwa zitenje zatsopano zija. Kunja kwa mpanda kunaima minibasi yoyera yopanda anthu, ndipo mwini wake anatsamira chitseko akuzunguza makiyi pa chala.

Lusiya anali atatsimikiza. Anadziuza kuti ndi mawu awiri okha, omwe wakhala akuwanena zaka zinayi popanda lilime kupunthwa. Sanafune kucheuka, sanafune kuona minibasiyo, anangoyang'ana msana wa mayi amene anali patsogolo pake.

Cha m'ma leveni anafika pakhomo la kalasi imene munali makinawo. Mkati munali tebulo, kompyuta, kamera ndi nsalu yoyera yopachikidwa pa bolodi. Mlembi, mayi wachitsikana wotopa ndi kutentha, ankaitana mmodzimmodzi. A Dominiko anauzidwa kuti adikire pakhomo. Patsogolo pa Lusiya panatsala munthu mmodzi.

Ndi pamene anamva chala chikumukodola m'nthiti.

"Asisi," ananong'ona Brenda. Milomo yake inali itauma, maso ali tong'o ndi mantha. "Asisi, ndaiwalanso. Ndinabadwa liti?"

Lusiya anacheuka. Anaona dzanja logwira kalatalo, lodzaza ndi timabala ta mafuta otentha, takale ndi tatsopano, kuyambira pa zala mpaka m'chigongono. Anaona nkhope ya mwana pamwamba pa chitenje cha munthu wamkulu. Ndipo anakumbukira tsiku lenilenilo, chifukwa ngakhale anali wamng'ono analiuzidwa kambirimbiri: mvula ya Febuluwale, azakhali akumunyamula kuti asuzumire kakhanda kofiira m'nsalu, n'kumuuza kuti uyu ndi wako, uzimuyang'anira.

"Wotsatira!"

"Unabadwa pa 26 Febuluwale, 2000," anatero Lusiya. Anasolola kalata imene inali m'dzanja la mng'ono wake, n'kuikamo inayo, n'kupinda zala za mwanayo pamwamba pake. "Limenelo sungaliiwale."

Lusiya anakhala pa mpando.

"Dzina?"

"Lusiya. Lusiya Semba."

"Nkhabe!" Mawuwo anaphulika pakhomo, anthu onse n'kutembenuka. A Dominiko anali atalowetsa kale phazi limodzi m'kalasi.

Mlembi anadzutsa mutu. "Bambo, pali vuto? Mwanayu ndi wanu?"

"Ndi wanga."

"Ndiye dzina lake si limeneli? Pakalata apa palembedwa Lusiya, wobadwa pa 19 Juni, 1997. Ngati pali cholakwika nenani pompano, zala zikalowa m'makinamu zalowa."

Pakamwa pa a Dominiko panatseguka. Anayang'ana mlembi, anayang'ana wapolisi amene anakhala pakona akudzipepesa ndi chipewa, anayang'ana anthu a mumzere, ena mwa iwo aneba amene zaka zinayi ankadziwa mtsikanayu kuti ndi Brenda wa kusukulu. Kenako anamuyang'ana mwana wawo, ndipo m'maso mwawo munalibenso ukali, munali kupempha kokha. Lusiya sanawaonepo bambo ake akupempha. Zinamulasa kuposa kukalipa kwawo konse, koma sanabweze mawu ake.

"Palibe cholakwika," anatero bamboyo potsiriza, mawu atasasa. "Ndi Lusiya." Anabwerera chambuyo n'kukakhala pansi pakhonde, pafumbi, ndi jekete la ku tchalitchi lomwelo.

Anamujambula nkhope. Anadinda zala zonse khumi pa kagalasi kowala, chimodzichimodzi, ndipo chala chilichonse chinkapita ndi chake: ndege, sukulu ya kutsidya kwa nyanja, mapointi naini, dimba la ku Nsanje limene silidzabwerera. Sanamve kupepuka kulikonse mumtima, asakunamizeni munthu. Anamva chisoni chokhachokha, cholemera, ndi mantha a mawa.

"Sainani apa."

Anagwira cholembera, ndipo dzanja, mwa chizolowezi, linayamba kulemba dzina la kusukulu lija. Analigwira ndi dzanja linalo, napempha mlembi kuti afufute. Kenako analemba lakelo pang'onopang'ono, mokhotakhota, ngati mwana wa Sitandade 1.

Analandira lisiti n'kuima pambali pa chitseko. Kudzera pa zenera anaona minibasi yoyera ija ikadali pompaja, mwini wake akuyang'ana wotchi, osadziwa kuti akudikira munthu amene kulibe. Envelopu ya ku Australia inali ikadali m'khwapa mwake, yonyowa ndi thukuta.

Mng'ono wake anakhala pa mpando uja, naika kalata yake patebulo ndi manja awiri. Mlembi anaitambasula, nayang'anitsitsa zilembo zofufutika za ansembe a ku Nsanje, n'kuwerenga mokweza.

"Brenda Semba?"

Lusiya anatsala pang'ono kuvomera. Mawu anali atafika kale pakhosi. Analuma mlomo, nadikira, mpaka kumbuyo kwake kunamveka liwu laling'ono, losazolowera, ngati la munthu amene wadzutsidwa kutulo.

"Ndine."